Pobwerera ku Fargo

Msewu wopita ku Nebraska ulibe pokhotera.
Chimanga uku, chimanga uko, chonse chakuda ndi usiku,
ndipo Tessa wagona kumpando wakumbuyo,
thumba la ayezi likusungunukira paphewa pake.
Mendulo wayiponya m'nsapato.

Wachinayi.
M'dziko lonse la Amereka, mwa atsikana a kulemera kwake,
mwana wanga ndi wachinayi pa masewera ogwetsana.
Ndikalitchula mokweza, liwuli limakoma.
Ndikayamba kuliwerengera ndalama, limafota.

Lachisanu m'mawa ndidamuona akupita pa sikelo,
milomo itang'aluka,
akulavulira m'botolo kuti magalamu mazana awiri amuchoke.
Sikelo idavomera. Iye sadamwetulire.
Adangoluka tsitsi lake mothina, namanga zotchinga makutu.

Aphunzitsi a m'makoleji amakhala mzere woyamba,
aliyense m'malaya a mtundu wa sukulu yake,
cholembera chili kukamwa.
Mayang'anidwe awo ndimawadziwa.
Ndagulitsa ng'ombe zaka makumi awiri:
umayamba msana, kenako miyendo,
kenako umadikira uone ngati ikutsimphina.

Kudatsala masekondi khumi ndi anayi, mapointi ali ofanana.
Yesenia Barrientos wa ku Texas adatsika ngati wagwetsa kanthu,
natola bondo lamanzere,
lomwe lija dokotala adasoka chaka chatha,
lomwe ngongole yake ndikadalipirabe.
Mkeka udalira. Wezulo idalira.
Woyimbira adakweza dzanja la mwana wa eni.
Zolembera zonse zidatuluka m'kamwa nthawi imodzi,
ndipo palibe chidalemba dzina loti Vondrak.

Pambuyo pake Yesenia adamuzungulira ngati njuchi,
a ku Iowa, a ku Pennsylvania, ena sindidawadziwe.
Ife tidakhala pa benchi pafupi ndi bini,
Tessa akumasula nsapato imodzi kwa mphindi khumi.

Adabwera mmodzi yekha.
Bambo wadazi, khutu lake lotupa ngati bowa,
wa kakoleji ka ku Kansas komwe sindidakamvepo.
Adati, "Ndine Lindqvist. Theka la fizi, mwina.
Mabuku mudzadzigulira.
Chipinda chathu chophunzirira chimadontha ikagwa mvula,
koma ndaona momwe wadzukira."
Khadi lake lili m'thumba langa la malaya,
limodzi ndi kalata ya kubanki
imene amayi ake sadayione.

Tadutsa Sioux Falls. Ndaima pomwetsa mafuta.
Wadzuka, wagula mabanzi awiri a nyama,
mkaka wa chokoleti, tchipisi,
akudya chiimirire, mafuta akutsika m'chigongono.
Miyezi isanu ndi umodzi sindidamuone akutafuna chonchi.

"Adadi," akutero, kamwa lili lodzaza,
"bondo lija ndimalibisa.
Ndidaliika kumbuyo mpikisano wonse.
Ndi mmene adadziwira."

Ndikufuna kumuuza kuti palibe kanthu,
koma mwanayu bodza amalimva fungo.

"Foni yalira?"
"Ayi."
"Ngakhale kamodzi?"
"Azakhali ako okha. Akuti adakuona pa kanema."

Akuseka, kenako kuseka kukutha.
Ndikumupatsa khadi. Akuliwerenga mbali zonse ziwiri,
ngakhale kumbuyo kulibe mawu.
"Kansas," akutero, ngati akulawa mankhwala.
Sakulitaya. Akulilowetsa m'sokosi.

Ndikulipira mafuta, ndikuwerenga chenji kawiri.
Potuluka ndikumupeza pansi pa nyali,
tizilombo tikuzungulira pamwamba pake,
atawerama, manja patsogolo, akuyenda cham'mbali pa simenti,
akulimbana ndi munthu amene ine sindikumuona.
Mwendo wamanzere wauika patsogolo.
Ukunjenjemera.
Woyendetsa lole wina waima ndi khofi wake, akuonerera.

Kwatsala maola anayi kuti tifike,
ndipo ng'ombe sizidziwa za Fargo, zidzafuna madzi pofika sikisi.
Ndatsegula chitseko, ndakhala,
makiyi ali m'manja.
Sindikumuitana.